Zida za Mfumu Saulo ndi Njinga Yamoto

Alipo mafunso ena amene poyamba amaoneka ngati a amakaniko okha, koma munthu ukawasinkhasinkha modekha umapeza kuti afika mpaka pa chikumbumtima. Limodzi mwa mafunso otere ndi ili: kodi n'koyenera kuti munthu amene wangoyamba kumene kuphunzira njinga yamoto ayambire pa njinga ya injini yaikulu ndi yamphamvu? Kapena wina adzati nkhani yotere kwawo n'kugalaja, osati m'magazini ya Mpingo. Komatu ife amene timachezera usiku pa maliro a anyamata a zaka 20 tikudziwa kuti nkhani ya njinga siithera kugalaja. Imapitirira mpaka kuchipatala, nthawi zina mpaka kumanda, ndipo imatsalira m'nyumba za ana amasiye. N'chifukwa chake ndayesa chanzeru kuti mwezi uno tiikambirane pa tsamba lino.

Kwathu ndi m'chigwa cha Domasi, m'boma la Zomba, kumene mtsinje wa Domasi umatsika pakati pa phiri la Zomba ndi la Malosa pa ulendo wake wa ku nyanja ya Chilwa. Chigwa chimenechi chidatchuka ndi maphunziro. Mu 1884 Alexander Hetherwick, wa mpingo wa Church of Scotland, adatsegula mishoni kuno. Mu 1929 kudatsegulidwa sukulu ya Jeanes yosula aphunzitsi ndi atsogoleri a m'midzi. Lero kuli Domasi College of Education ndiponso Malawi Institute of Education, kumene amakonza maphunziro ndi mabuku a ana a dziko lonse lino. Tingati kuno ngakhale agogo amene sadapondemo m'kalasi amadziwa kuti mwana sayambira Sitandade 8, ndi kuti choko sapatsa munthu wosasulidwa. Chodabwitsa n'chakuti m'chigwa chomwechi mudalowa chinthu chimodzi chimene ambiri amangochikwera osapitako kusukulu iliyonse, ndicho njinga yamoto.

Ife tili ana, mthuthuthu udali chinthu chosowa. Ukamveka chapatali tinkadziwiratu kuti akubwerawo ndi bambo mfumu odzachita Misa, kapena mlangizi wa zaulimi, kaya wa zaumoyo. Udali chipangizo cha ntchito, ndipo woukwera adali munthu wamkulu wopanda chidwi chodzionetsera. Koma kuyambira zaka za m'ma 2010 zinthu zidasintha. Njinga zotsika mtengo zochokera ku China ndi ku India zidafala m'dziko muno, ndipo ntchito ya kabaza, imene idayamba ndi njinga zakapalasa, idalowanso ku njinga zamoto. Lero pa Songani, pa Domasi ndi pa Malosa, m'mbali mwa msewu waukulu wochokera ku Zomba kunka ku Liwonde, mupeza anyamata atandandalitsa njinga zawo kudikira okwera. Ntchito yawoyi sindiinyoza ayi. Mayi wodwala amene kale akadanyamulidwa pa machira lero amafika kuchipatala dzuwa lisanapendeke. Mlimi amafikitsa tomato ndi mpunga wake msika usanabalalike. Ndipo mabanja ambiri akudya nsima kaamba ka njinga zimenezi. Njinga yamoto ndi dalitso ndithu, koma dalitso lililonse lili ndi muyeso wake.

Funso la njinga yamphamvu lidandipeza pakhomo panga pomwe. Mwana wa mlongo wanga, amene adakhala zaka zingapo pa ntchito ku Johannesburg, adabwera kudzatichezera pa nyengo ya Khrisimasi. Titalonjerana, adatulutsa foni nandionetsa chithunzi cha njinga yofiira, yonyezimira, yooneka ngati chilombo chofuna kudumpha. "Amalume," adatero, "njinga iyi ndi ya 600cc, ndipo mwini wake akuigulitsa motchipa. Ndikufuna ndibwere nayo kuno kumudzi. Inu mukuona bwanji?" Ndidamufunsa ngati adayendetsapo njinga yamoto chiyambire. Adati adakwerapo ya mnzake kawiri kapena katatu pabwalo, ndipo sadagwe. Pa mwambo wathu ana a mlongo wako ndi mbumba yako, ndipo akakufunsa nzeru sungawayankhe mongowakondweretsa. Tsono ndidamupempha masiku awiri, kuti ndikayambe ndacheza ndi amakaniko ndiponso anthu amene adakalambira pa njinga. Zimene ndidamuyankha ndizo ndikulemba pano.

Choyamba timvetse manambalawa. Zilembo za cc zimanena kukula kwa zipinda za injini mmene petulo amayakira. Njinga zambiri za kabaza ndi za pakati pa 100cc ndi 150cc. Ya 125cc imakhala ndi mphamvu imene amisiri amaiyerekeza ndi ya akavalo 10 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo kulemera kwake kumangoposa pang'ono matumba awiri a chimanga a makilogalamu 50. Koma njinga ya 600cc yopangidwira liwiro, ngati imene ndidaiona pa chithunzi ija, imakhala ndi mphamvu ya akavalo oposa 100, ndipo imalemera pafupifupi matumba anayi. Ikhoza kunyamuka pamene yaima n'kufika liwiro la makilomita 100 pa ola m'masekondi osakwana anayi, nthawi imene munthu sangafike nayo ngakhale pakati pa pemphero la Tikuoneni Maria. Pa pepala 600 amaposa 125 pafupifupi kasanu, koma pa msewu mphamvu yake imaposa kakhumi.

Mphamvu yonseyi imamvera dzanja limodzi, lamanja, limene limapotokola chogwirira cha moto ndiponso kugwira buleki ya kutsogolo. Apa ndipo pagona nkhani. Wophunzira aliyense amalakwitsa, ndipo zolakwa zake n'zodziwika. Amataya kilatchi mwadzidzidzi. Akadzidzimuka amafinya zogwirira mwamphamvu, thupi lake limatsalira m'mbuyo, ndipo mkono umapotokola moto wochuluka pa nthawi yomwe iye amafuna kuima. Akaona mbuzi amatswanya buleki ya kutsogolo ali pokhota, tayala n'kuterereka. Pa njinga yaing'ono zolakwa zotere zimathera m'phokoso, injini kuzima, kapena bondo kusupuka, ndipo wophunzirayo amadzuka ataphunzira kanthu. Pa njinga yaikulu cholakwa chomwecho chimamuponya pa mtengo wa mango asanazindikire chimene chachitika. Ikangopendekeka pang'ono, mwendo umodzi sungachirikize matumba anayi a chimanga. Njinga yaing'ono imadziwa kukhululuka, ndipo munthu wophunzira amasowa chikhululukiro tsiku ndi tsiku.

Palinso masamu a liwiro amene sasintha, kaya woyendetsa ndi wolimba mtima chotani. Pa liwiro la makilomita 50 pa ola, njinga imayenda mamita 14 pa sekondi iliyonse. Pa 100 imayenda mamita 28, kotero kuti imadutsa bwalo lonse la mpira m'masekondi osakwana anayi. Munthu akaona choopsa, pamapita sekondi yathunthu kapena kuposerapo dzanja lisanagwire buleki. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene mabuleki amafuna kuti aimitse njinga umawirikiza kanayi. Tsono talingalirani misewu yathu. Kumtunda kwa chigwa kuli fumbi ndi mchenga m'chilimwe, matope ndi migula m'dzinja. Pamsewu wa tala pali maminibasi oima pena paliponse, ana otuluka kusukulu m'magulumagulu, amayi osenza nkhuni, ndipo pa tsiku la msika anthu amasefukira mpaka pakati pa msewu. Njinga ya liwiro idapangidwira tala wosalala wa maiko ena: ndi yaifupi pansi, matayala ake sagwira matope, ndipo ikaonongeka chitsulo chake simungachipeze pa Songani. Si mwangozi kuti mabungwe otuma alangizi kumidzi akhala akuwagulira njinga zopepuka, zazitali miyendo, monga Yamaha AG ndi Honda XL ya 125cc.

Olemba malamulo nawonso adaziona zimenezi. Kuno ku Malawi ziphaso za njinga yamoto zili pawiri: cha A1 n'cha njinga zosapitirira 125cc, ndipo cha A n'cha zoposera pamenepo. Maiko a m'bungwe la European Union adaika makwerero atatu kuyambira mu 2013. M'maiko ambiri a kumeneko wachinyamata wa zaka 16 amaloledwa njinga ya 125cc yokha. Wa zaka 18 amaloledwa yapakatikati, ya mphamvu ya akavalo osaposa 47. Ndipo njinga yopanda malire amaipereka kwa munthu wa zaka 24, kapena amene wakhala zaka ziwiri pa yapakatikatiyo. Anthu a misewu yosalala ndi zipatala zapafupi akaona kuti makwerero ndi ofunika, nanga ife a m'chigwa chino tidumphirenji?

Mnyamata uja adamvetsera mwaulemu, koma adali ndi mayankho ake, ndipo ndi omwewo amene mudzawamva kwa anyamata ena. Poyamba adati, "Amalume, ine ndizidzayenda pang'onopang'ono." Ndidamuyankha kuti, "Mphwanga, lonjezo limeneli walichita ndi mutu uli pamkeka, koma pa ngozi chimene chimayankha ndi chizolowezi cha dzanja, ndipo dzanja lako silinazolowere kanthu." Ndiponso tinene zoona, palibe amene amagula njinga yotere kuti aziyenda ngati nanzikambe. Anzake akadzamuzungulira pamsika n'kumuuza kuti aionetse mphamvu yake, ndi anyamata angati amene angakane?

Kachiwiri adati kugula yaing'ono lero ndi yaikulu mawa n'kutaya ndalama kawiri. Koma njinga yaing'ono siisowa wogula kuno. Imamwa petulo wochepa, imakonzedwa pansi pa mtengo uliwonse, ndipo imabweza ndalama zake. Mtengo weniweni wowerengera ndi wa fupa la ntchafu, limene likathyoka limagoneka munthu miyezi yambiri, munda uli chigonere, mkazi ali pa ntchito yodikirira wodwala, mbuzi zikugulitsidwa imodziimodzi. Ovulala kwambiri a kuno amathamangira nawo ku Zomba Central Hospital, ena mpaka ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo mu 2023 ku Lilongwe kudatsegulidwa chipatala chapadera cha mafupa ndi ubongo chotchedwa LION. Aliyense amene adakazondako wodwala m'zipinda za othyoka mafupa amadziwa kuti ambiri mwa ogona mmenemo ndi anyamata, ndi kuti mawu akuti njinga samachedwa kumveka.

Yankho lachitatu ndilo lidandilasa mtima, pakuti lidavala malaya a chikhulupiriro. Adati, "Imfa ndi tsiku, amalume. Wosunga munthu ndi Mulungu." N'zoona kuti moyo wathu uli m'manja mwa Mulungu. Koma tikumbukire kuti Satana adatengera Ambuye Yesu pamwamba pa Nyumba ya Mulungu, nawauza kuti adziponye pansi popeza angelo adzawawakha, ndipo Ambuye adakana, chifukwa kuchita chotero n'kumuyesa Mulungu. Kolona yopachika pa chiwongolero ndi chizindikiro chabwino cha pemphero, komatu si buleki. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika wa mu 1992, pofotokoza lamulo lachisanu, amaphunzitsa kuti munthu amene aika moyo wake ndi wa anzake pa chiswe pa msewu chifukwa cha kuledzera kapena kukonda liwiro amapalamula mlandu waukulu. Mu 2007 ku Vatican kudatulukanso chikalata cha malangizo a ubusa wa pa msewu, chokumbutsa oyendetsa kuti galimoto lisakhale chida chodzionetsera mphamvu kapena chopondereza ena. Mnyamata akhoza kunena kuti moyo ndi wake, koma mayi amene wakwera kumbuyo ndi mwana pamsana, ndiponso kamtsikana kodutsa msewu ndi ndowa pamutu, sadavomereko kuti ayesere pa iwo mphamvu ya injini yake.

Pamenepa ndidamukumbutsa nkhani imene adaiphunzira ali mwana ku kalasi ya katekisimu, ya m'buku loyamba la Samuele, mutu 17. Davide atadzipereka kukamenyana ndi Goliyati, mfumu Saulo idamuveka zida zake zomwe: chisoti chamkuwa, malaya achitsulo ndi lupanga. Zidali zida zabwino koposa m'dziko lonselo, ndipo mnyamata wina aliyense akadanyadira kuonekera nazo pamaso pa asilikali. Davide adayesa kuyenda nazo, naona kuti sangathe popeza sadazizolowere, ndipo adazivula. Adatenga ndodo yake, legeni yake ndi miyala isanu yosalala ya mumtsinje, zinthu zimene dzanja lake lidazidziwa pa zaka zonse zoweta nkhosa. Kulimba mtima kwa Davide timakutama kawirikawiri, koma timaiwala kudzichepetsa kumene kudamulola kunena pamaso pa mfumu kuti chida ichi chandikulira. Ndipo taonani, nthawi ya lupanga lalikulu idadzafika ndithu: pa mutu 21 tikumupeza Davide, ali msilikali wokhwima, akulandira lupanga la Goliyati yemweyo kwa wansembe Ahimeleki. Chida chachikulu chidamudikira mpaka mkono wake utakula.

Koma wina asandimve molakwa n'kunena kuti Davide adavula chisoti, tsono nayenso avule chake. Chisoti cha pa njinga si chida cha Saulo. Chili m'gulu la miyala isanu ija. Akatswiri amene adasonkhanitsa zofufuza zambiri mu 2008 adapeza kuti chisoti chimachepetsa imfa za okwera njinga zamoto ndi magawo 42 pa 100, ndi kuvulala m'mutu ndi magawo 69 pa 100. Koma chimagwira ntchito chikakhala pamutu, lamba wake atamangidwa pachibwano, osati chitakolekedwa pa chigongono kudikira apolisi.

Ndiyenera kuonjezapo mawu amodzi, kuopa kuti owerenga ambiri angati nkhaniyi siikuwakhudza popeza kwawo kulibe njinga ya 600cc. Mphamvu ya njinga timaiyeza poiyerekeza ndi luso la woikwera. Kwa mnyamata amene waphunzira masana amodzi pa bwalo la mpira, n'kuyamba kunyamula anthu m'mawa mwake, ngakhale njinga ya 125cc ndi zida za Saulo. Mwini njinga amene apatsa makiyi mwana wotere, namulamula kuti madzulo aliwonse abweretse ndalama zakutizakuti, ali ndi gawo lake pa magazi amene angakhetsedwe, pakuti ndiye akumuthamangitsa. Ndipo ife okwera, amene timakwera atatu pa njinga imodzi ndi thumba la ufa pamwamba, n'kumauza woyendetsa kuti afulumire tachedwa ku Misa, tisadziyese osalakwa.

Nanga wophunzira ayambe bwanji? Ayambe ndi njinga yopepuka, imene mapazi ake onse awiri amafika pansi akaikhalira, ndiponso imene angathe kuidzutsa yekha ikagwa. Apeze mphunzitsi weniweni, aphunzire malamulo a pa msewu, atenge chiphaso, ndipo njingayo ailembetse ndi kuilipirira inshuwalansi. Pabwalo aphunzire kuima asanaphunzire kuthamanga: kugwira mabuleki onse awiri mofatsa, kukhota pang'onopang'ono osatsitsa phazi, kuyang'ana kumene akufuna kupita osati chimene akuchiopa. Avale nsapato zotseka ndi zovala zochindikala, osati patapata ndi kabudula. Mowa ndi njinga asazikumanitse. Ndipo ine ndikadakonda kuti aone dzinja limodzi ndi chilimwe chimodzi ali yekha pa njingayo, adziwe matope ndi mchenga womwe, asanaike moyo wa munthu wina kumbuyo kwake. Akuluakulu adati tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Mnyamata wathu uja adachoka nkhope ili yakugwa, pakuti mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Koma njinga yofiira ija siidaoloke malire.

Aphunzitsi akale a Mpingo ankati nzeru yochenjera ndiyo woyendetsa galeta wa makhalidwe onse okoma, pakuti ndiyo imagwira zingwe ndi kuuza kulimba mtima komwe nthawi yothamanga ndi nthawi yoima. Nzeru imeneyi ana athu saigula pamodzi ndi njinga. Amaiphunzira kwa ife. Tsono makolo, amalume ndi ankhoswe, tisachite manyazi kufunsa mwana za chiphaso chake tisanayamikire njinga yake. M'miphakati yathu, mmene timakambirana za matenda ndi maliro, tikambiranenso za anyamata a kabaza, amene ambiri mwa iwo ndi ana athu a ubatizo. Ndipo pa 25 July, tsiku la Kristofa Woyera, nkhoswe ya apaulendo, kukadakhala kokoma kuti njinga zibwere kutchalitchi kudzadalitsidwa, eni ake atanyamula zisoti ziwiriziwiri.

Mwana wa Mulungu, amene adali ndi mphamvu zonse za kumwamba ndi pansi pano, adakhala zaka pafupifupi 30 ku Nazarete, akumvera Maria ndi Yosefe ndi kuphunzira kugwira sompho ndi mpeni wopalira matabwa, asanayambe ntchito imene adadzera. Iye sadachite manyazi kuyamba ndi zazing'ono. Atithandize ifenso, ana ndi akulu omwe, kudziwa muyeso wa mkono wathu, kuti mphamvu iliyonse imene yaikidwa m'manja mwathu ifikitse anzathu kwawo ali amoyo.